Tsitsi la mu Kolala

Alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa amuna anga, ndiwo anandithetsera banja, ndipo ine ndinawathetsera malonda awo a nthochi. Ndanena poyambirira pomwe kuti wina asadzati ndinabisa mbali yanga. Mpaka lero sindinapepese, ndipo musayembekeze kuti ndipepesa m'munsimu.

Ndine telala. Ndinakulira ku Petauke, kumene makolo anga anasamukira kuchokera ku Katete, ndipo kusoka ndinaphunzirira pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Nditakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Nyimba, ndinakweza makina anga pa minibasi n'kukawaika pakhonde lina kumeneko, moyang'anana ndi pamene pamaima mabasi a ku Lusaka. Alamu ankagulitsa nthochi pa malo omwewo. Basi ikaima, iwo ndiwo ankayamba kufika pawindo, beseni lili pamutu, anzawo akali kumanga zitenje.

Nthenda yanga inali nkhani za pa foni, zija zimabwera gawo ndi gawo, za afiti okhala m'mizinda ikuluikulu amene amagwa m'chikondi. Musandiseke. Kwathu kuno mfiti ndi nkhalamba yosauka ya maso ofiira ndi utsi, imene anthu amailozerana ndi milomo. M'nkhani zimenezo mfiti inali mtsikana wa nsapato za gogoda, wokhala m'nyumba yosanja, wokwera takisi, ndipo mwamuna ankasankha yekha. Akafuna kupsompsona bwenzi lake pamsewu, ankangothyola chala, magetsi a tauni yonse n'kuzima. Ine amene ndinakula ndikuuzidwa kuti khala bwino, gwada bwino, usaseke mokweza, ndinkati ndikawerenga zimenezo mtima unkachita kuti myaa. Foni ikatha moto ndinkapitiriza nkhaniyo m'mutu, phazi likupalasa makina.

Kenako ndinati, ha, nanga ine ndilibe mutu? Ndinatenga kope limodzi mwa aja amuna anga ankabwera nawo kuchokera kusukulu, n'kuyamba kulemba yanga. Inali ya mtsikana wina telala wa mu Lusaka amene azakhali ake anamusiyira singano yamatsenga. Akasokera tsitsi lake limodzi mkati mwa kolala ya shati, mwini shatiyo sankatha tsiku osamuganizira. Azimayi odikira madiresi awo ndinkawawerengera, ndipo ena ankabwera opanda n'kansalu komwe, kungofuna kumva kuti mnyamata wa kubanki uja wagwa kapena ayi. Alamu nawonso, mabasi akachepa, ankatula beseni n'kukhala pamphepete pa khonde. Poseka ankaposa onse.

Amuna anga anali munthu wofatsa, wosachuluka mawu. Ntchito ikandichulukira ankatsuka mbale, kutunga madzi, ndipo madzulo ankabwera ndi njinga kudzanyamula makina kuti ndisasenze. Ine ndinkati ndi chikondi. Anthu a pa Nyimba ankati aphunzitsi anadyetsedwa. Ndinkazimva, koma ndinkangoti alekeni, nsanje ikuwadya. Mashati awo asanu ogwirira ntchito ndinasoka ndine ndi manja angawa, chifukwa a m'sitolo ankawathina m'khosi.

Loweruka lina kope lija linasowa. Ndinafunafuna pansi pa nsalu, m'kabati ya makina, osalipeza. Mawa lake titatuluka m'tchalitchi ndinauzidwa kuti ndikufunika kunyumba kwa apongozi. Ndinapeza ankhoswe, akulu a mpingo awiri, apongozi, alamu, ndi amuna anga atakhala pakona, maso pansi. Kope langa linali patebulo.

Mkulu wa mpingo wina, wa magalasi, analitsegula n'kuwerenga mokweza pamene mtsikana uja akuzula tsitsi lake n'kulipinda mu kolala. Anawerenga ndi mawu aja amawerengera malemba a pamaliro. Atatha anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Amai, analemba izi ni ndani?"

"Ndine, bambo. Ni nkhani chabe."

"Uyu mkazi ni telala. Naimwe ndimwe telala."

"Ni nkhani chabe, bambo. Funsani aja," ndinatero ndikuloza alamu. "Anali kumvela tsiku na tsiku, anali kuseka."

Alamu sanandiyang'ane. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa lezala yatsopano, ikali m'pepala lake. Anabwera atakonzeka, mayi ameneyo! Anati ngati ndi nkhani chabe, palibe choopa, mashati abwere. Amuna anga anadzuka okha, n'kupalasa njinga kukawatenga.

Alamu anayamba ndi loyera. Lezala inayenda mu msoko umene ndinausoka mosamala, kolala n'kuyasama. Munalibe kanthu koma kansalu kolimbitsira. Lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu, lachinayi. Mtima wanga unayamba kukhala pansi, ndipo ndinali nditakonza kale mawu oti ndiwalase nawo alamuwo. Lachisanu linali la buluu, limene ndinawasokera tikali pa chibwenzi. Atalitumbula, alamu anatola kanthu ndi zala ziwiri n'kukakweza m'mwamba kuti kuwala kwa pakhomo kukaonetse. Linali tsitsi limodzi lalitali, lonyezimira, la meshi.

Apongozi anafuula kuti mayo ine, mwana wanga.

Aliyense amene anasokapo amadziwa. Umawerama pa makina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, tsitsi limathothoka, limalowa m'mipendero, m'matumba, paliponse. Theka la anthu a pa Nyimba ankayenda ndi tsitsi langa osadziwa. Ndikanafotokoza zimenezo mofatsa mwina zikanatha bwino, koma ine pakamwa panga sipadikira. Ndinaloza mkulu wa magalasi uja n'kunena kuti, "Nayo shati mwavala iyo ninasoka ndine. Tumbulani, muzapezamo. Kansi naimwe mumanilota?"

Bamboyo anagwira pakhosi pake ndi manja onse awiri, n'kutuluka panja chothamanga. Tinamva mabatani akuduka.

Pamenepo nkhani inali itatha. Ndinatembenukira kwa amuna anga. Ndinati, "Imwe, kambani. Mumaniziwa ine." Iwo anayang'ana katsitsi kaja patebulo kwa nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa, osati kwa ine koma kwa ankhoswe: "Kansi ndiye chifukwa chake ninali kusuka mbale?"

Alamu ananditumbulira mashati, koma mawu amenewo ndiwo anandipweteka kuposa zonse. Zaka zitatu za kunditungira madzi, munthu anazipereka kwa katsitsi kamodzi.

Ankhoswe anati mashati atenthedwe, ine ndikayambe ndapuma kwa makolo, amuna anga akapemphereredwa ndi kuchira adzanditenga. Ndinakwezanso makina pa minibasi kubwerera ku Petauke, pakhonde langa lakale lija. Ndisaname, ndinkawadikira. Minibasi iliyonse yochokera ku Nyimba ikaima, phazi linkaleka lokha kupalasa, maso ali pa otsika. Ndinkati munthu uja ndi wophunzira, tsiku lina adzadzidzimuka n'kudziseka yekha. Mvula inagwa, chimanga chinacha, anthu anakolola. Sanabwere.

Ndipamene ndinayambanso kulemba, koma tsopano pa foni, m'gulu lina la okonda nkhani zoterezi. Nkhani ya telala ija ndinaiyambiranso, ndipo anthu anaikonda: a ku Petauke, a ku Chipata, a ku Lusaka, ndi ambirimbiri a ku Nyimba, amene ankafuna kuona kuti mfiti ija ikulemba zotani. Pofika gawo lachisanu ndi chinayi ndinalowetsamo mdani wa mtsikana uja. Anali mayi wogulitsa nthochi pa siteji ya mabasi, wa mpata m'mano, wa chipsera cha moto padzanja lamanzere, wa beseni lobiriwira long'ambika m'mphepete limene analisoka ndi waya. Pansi pa nthochi ankasungapo kanjoka. M'mawa kankanyambita nthochi iliyonse kuti wodya asadzagulenso kwa wina, ndipo masana kankasanduka mwamuna wokongola wa suti yakuda n'kumakayenda naye kuseri kwa masitolo.

Dzina sindinalembe. Linalibenso ntchito. Pa Nyimba beseni losokedwa ndi waya linali limodzi lokha, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti anzawo ogulitsa nthochi anali atatopa kale ndi kupitiriridwa pawindo la basi. Sindinaphonye mwangozi ayi. Ndinakhala pansi n'kuyeza, monga ndimayezera nsalu ndisanadule.

Sipanathe milungu iwiri. Mayi wina amene amapita ku Nyimba kukaoda nthochi anabwera kudzatenga diresi lake, n'kundiuza zonse asanakhale n'komwe pansi. Ogulitsa anzawo anawagwetsera beseni pamsewu n'kumatakasa nthochi ndi ndodo kufuna njoka. Njoka sanaipeze, koma munatuluka kabuluzi, ndipo onse anati ndi yomweyo yadzisintha. Makondakitala anayamba kuchenjeza okwera kuti asagule kwa mayi wa beseni lobiriwira. Kutchalitchi benchi yawo inatsala ndi iwo okha.

Tsiku limenelo ndinapha nkhuku. Amayi anga anafunsa kuti kukubwera alendo, ine ndinati ayi, ndangoilakalaka. Ndinadya mpaka kutafuna mafupa.

Patapita mwezi, masana dzuwa likuswa mtengo, minibasi ya ku Nyimba inaima, phazi langa n'kuleka kupalasa monga mwa nthawi zonse. Anatsika alamu. Analibe beseni pamutu, ndipo poyenda ankaoneka ngati aiwala kanthu. Anali ataonda. Anafika pakhonde n'kukhala pansi penipeni, pa simenti, pamene pamagwera zidutswa za nsalu. Mpando unalipo, koma sindinawapatse.

"Mulamu," anatero, "nabwela kupempha. Lembani pa foni paja kuti ni nkhani chabe."

Ndinaseka mpaka mnzanga wosoka pambali panga anaimitsa makina. "Nkhani chabe? Mau amene ayo ninakamba kangati pa nyumba ya amai anu? Munanimvela?"

Alamu anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa kope langa lija. Ndinkaganiza kuti analitentha pamodzi ndi mashati. Linali litakwinyika, masamba atada m'makona ndi zala, mmene limakhalira buku lowerengedwa kambirimbiri.

"Ninali kuziwa kuti ni nkhani," anatero. "Kuyambila pa kuyamba ninali kuziwa. Tsitsi lija naine ninadabwa kulipeza."

"Nanga munachitilanji?"

"Mlongo wanga anali kukusukilani mbale. Ine amuna anga zaka zonse izi sananitungileko olo kapu ya madzi. Ninali kubwela pa khonde panu, namvela nkhani yanu, naseka, nikafika ku nyumba mtima uwawa."

Ndinkayembekeza kuti ndikamva zimenezo ndikhululuka. Iyayi, ndinapsa mtima koposa. Munthu wokhulupirira zaufiti ndi mtima wonse ndikanamumvetsa, koma uyu ankadziwa, n'kukagulabe lezala. Komabe ndinaona kuti mpata wanga ndi umenewu. Ndinati, "Chabwino. Nizalemba lelo lomwe. Koma imwe muyambe mwapita kwa mlongo wanu, mukamuuze zimene mwaniuza apa, abwele anitenge."

Alamu anayang'ana pansi, akutolatola tizidutswa ta ulusi pa simenti.

"Ninamuuza kale, mulamu. Kawili. Lelo ninamuuzanso nisanakwele. Akuti naine mwanilodza."

"Bodza!"

"Masiku ano savala shati ya kolala, olo ya mu sitolo. Ku sukulu apita na sikipa. Akuti mapemphelo yonse yachitika, mashati yanapsa, koma akali kukuganizilani tsiku na tsiku, akauka na akagona. Akuti ndiye umboni wake kuti mankhwala yanu ni yamphamvu. Akuti tsiku azaleka kukuganizilani, ndiye kuti wachila, ndiye azabwela mukambilane."

Ndinaziyeza m'mutu, manja ali pa nsalu. Ndiye kuti akamandikonda sabwera, akadzabwera ndiye kuti waleka kundikonda. Minibasi ina ya ku Nyimba inaima nthawi yomweyo, anthu n'kumatsika ndi akatundu awo. Ndinaika phazi pa makina n'kupalasa, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinayang'anenso otsika.

Kope ndinalandira. Alamu ndinawauza kuti apite, zimene apempha ndichita. Ananyamuka akuthokoza, akuwomba m'manja, mpaka anagwada. Madzi akumwa sindinawapatse.

Lonjezo ndinasunga. Madzulo omwewo, pamwamba pa gawo latsopano, ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti zonsezi ndi nkhani chabe, mayi wa nthochi kulibe, njoka kulibe. Mayankho anayamba kugwa ndisanaike n'komwe foni pansi. Wina anati wakuopsezani eti. Wina anati tamuona lelo akukwera minibasi ya ku Petauke, wapita kukamutseka pakamwa. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakhulupirira, ndipo ine ndinkadziwa kuti zidzatero, chifukwa mawu amenewo ndinali nditawayesa kale pamaso pa ankhoswe.

Pansi pa mzere umenewo, m'gawo lomwelo, njoka ija ndinaiikiritsa mazira khumi ndi awiri.