Mono Umene Ndinautembenuza

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene msuweni wanga Limbani anatsika kumapiri a Dedza kudzakhala nafe ku Mtakataka, nthawi imene sukulu za pulaimale zinali zitangokhala zaulere. Mnyamatayo sankatha ngakhale kugwira mlamba osabayidwa ndi minga yake. Komabe abambo anga anamulukira mono watsopano, ine mwana wawo ndikutchera ndi wakale wazigamba. Zinandiwawa, sindibisa.

Mvula ikagwa, sanjika ndi milamba zinkachoka kunyanja n'kukwera mtsinje wathu kukaikira mazira kumtunda. Abambo ankamanga mpanda wa bango kudula mtsinjewo, n'kutchera miono m'mipata yake, kukamwa kutaloza kumunsi kumene nsombazo zinkachokera. Mpata wapakati, wa madzi akuya, unali wawo, ndipo anali atanena kuti adzaupereka kwa mwana wodziwa mtsinje. Ine ndinkauwerengera kale kuti ndi wanga.

Tsiku lina masana, anthu ali kuminda ya mpunga, ndinapita ndekha kumpandako. Ndinazula mono wa Limbani n'kuutembenuza, kukamwa kuloza kumtunda, kuti asakolemo ngakhale katemba kamodzi. Ndinabwerera ndikuimba mluzu.

M'mawa mwake tinapita kukavuula miono. Mwanga munali nkhanu ziwiri, mwa abambo zinyalala zokhazokha. Wa Limbani sunanyamulike ndi munthu mmodzi: unali thothotho ndi sanjika zowonda, zopanda mazira m'mimba.

Abambo anafinya mimba ya imodzi, nayang'ana mzere wa matope umene madzi anausiya pabango.

"Zaikira kale izi, zayamba kubwerera kunyanja," anatero. "Ine wamkulu sindinaone kuti madzi aphwera. Watembenuza monowu ndani?"

Limbani anangoti kukamwa yasa. Ndikanati ndine, akanandifunsa chifukwa chake ndinasiya wanga uli chilozere kumunsi. Abambo anayang'ana mapazi a pamatope, nayang'ana mapazi anga, nadikira nthawi yaitali ndithu. Ine ndinangowerama n'kuyamba kutolera nsombazo m'dengu.

"Chabwino," anatero. "Mono ndi wa Limbani. Mpata wapakati ndi wake."

Ndine amene ndinasenza dengulo mpaka kunyumba, madzi a fungo la nsomba akundichuchira m'khosi, amayi akululutira mwana wa eni.

Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti Limbani anadya nzeru zanga. Linali bodza. Nzeru ndinalibe, ndinali ndi njiru basi. Mzere wa matope uja unali pabango kwa masiku angapo, ndipo ndinkaudutsa m'mawa uliwonse osauona, chifukwa dzinja lonselo maso anga anali pa msuweni wanga, osati pamadzi. Abambo anamwalira osandifunsanso za tsikulo, ndipo mpaka lero ku Mtakataka amati wodziwa mtsinje m'banja mwathu ndi Limbani.