Pini ya Kumanzere

Ku dipatimenti ya tizilombo onse ankangomuti Namanzere, poti chilichonse ankagwira ndi dzanja lamanzere. Pa yunivesitepo analowa ngati wosesa. Pulofesa wina ataona kuti mayiyu sanyansidwa ndi mphutsi, anamupatsa ukonde ndi botolo, basi ntchito n'kusintha. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zinatha akuthamangitsa zikumbu m'matchire, kuzibaya ndi mapini, kuzindandalika m'madilowa a kabati ya Pulofesa. Pansi pa chikumbu chilichonse pamakhala kapepala ka dzina la wochigwira. Dzinalo linali la Pulofesa, munthu woti akaona mavu ankathawira m'galimoto.

Imvi zitayamba, Namanzere analembetsa maphunziro, n'kukhala benchi limodzi ndi ana amsinkhu wa mwana wake. Mlamu wake anaseka mpaka misozi: "Digiri ya mphemvu? Bwerani kwathu alamu, ziliko zaulere!" M'mawa mwake Namanzere analawirira m'kalasi.

Chaka chomaliza aliyense ankapereka bokosi la tizilombo todzigwirira yekha, ndipo wobera ankachotsedwa sukulu. Atapereka lake, mphunzitsi wina wongobwera kumene anamuitanitsa.

"Mayi, musandipusitse. Buku limati chikumbu chimabayidwa phiko lakumanja. Zanuzi zabayidwa kumanzere, chimodzimodzi za m'kabati ya Pulofesa. Mwatenga mmenemo."

Zinamuwawa Namanzere, koma kugwada ayi. Anapisa m'chikwama, natulutsa chikumbu chimene anagwira m'mawa womwewo, n'kuchibaya mphunzitsiyo akuona. Pini inalowa kumanzere.

"Achimwene, tsegulani madilowa onsewo. Mukapezamo ngakhale chimodzi chobayidwa kumanja, ndichotseni lero lomwe."

Mphunzitsiyo anatsegula loyamba, lachiwiri, mpaka lachisanu ndi chiwiri. Zonse kumanzere.

"Ndiye kuti zonsezi munagwira ndinu?"

"Werengani dzina lili pansipo, kenako mundiuze wakuba ndani."

Mphunzitsiyo anatseka dilowa pang'onopang'ono, akuyang'ana nsapato zake. Koma munthu wophunzira kwambiri sagonja chimanjamanja.

"Malikisi a pini yolakwikayo ndichotsabe," anatero.

"Chotsani, dzanjali lakalamba, silisinthanso," anayankha Namanzere, akukankhira bokosi lija patsogolo pake. Pansi pa kachilombo kalikonse panali kapepala ka dzina lake, kolembedwa mopendekeka, ndi dzanja lomwelo. "Koma dzina lili m'bokosi ili musalikhudze."