Chifunga m'Telesikopu ya Adada

Ndikamva fungo la sipiliti, ndimadzipeza ndili pakhonde la nyumba yathu ku Luwinga, mumzinda wa Mzuzu, m'nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali Sitandade 6. Chaka chimenecho chifunga chinkagona pamadenga mpaka dzuwa kukwera. Minibasi zopita m'tauni tinkangozimva kulira, osaziona. Zovala za ana a kuyunivesite amene ankachita lendi kuseri kwathu zinkatha masiku atatu pachingwe zisanaume, ndipo mabulangete athu ankanunkha utsi wa mbaula.

Adada ankagwira ntchito m'labu ya sekondale ina, kutsuka mabotolo ndi kukonzera aphunzitsi zipangizo. Kunyumba anali ndi telesikopu, chimpaipi choyera choima pamiyendo itatu, chimene mphunzitsi wina anawasiyira pobwerera kwawo. Kale ankaipukuta kamodzi pachaka. Ankanena kuti fumbi pang'ono silivuta, chimene chimawononga galasi ndi dzanja losaugwira mtima. Koma nyengo imeneyo anayamba kuipukuta Loweruka lililonse.

Ankayala thawulo loyera pampando, n'kusamba m'manja kawiri. Poyamba ankauluza fumbi ndi kampira kopopera kamene amama ankachotsera mamina mng'ono wanga ali khanda. Kuuzira ndi pakamwa kunali koletsedwa, chifukwa malovu amasiya madontho. Kenako ankanyowetsa thonje ndi madzi a batire, n'kudonthezapo sipiliti woyera, osati wapepo wa pazilonda uja. Ankayendetsa thonjelo kamodzi kokha, kuchokera pakati pa galasi kupita m'mbali, n'kulitaya, n'kutenga lina. Pomaliza ankapukuta kagalasi kakuda kochepetsa kuwala kwa mwezi, atakagwira m'mphepete ngati dzira. Akatha ankakweza galasi kuthambo lotuwalo, n'kutsinzina diso limodzi.

"Likadali ndi chifunga," ankatero, n'kuyambiranso.

Ine ndinkaona galasi loyera mbee.

Amama anali ataona zina. Adada ankathira tiyi pambali pa kapu. Kawiri konse anagunda phewa pamphuthu ya chitseko chimene anachiika okha. Tsiku lina anabwera ndi chala chomanga bandeji, ati botolo linawapulumuka kuntchito. Usiku ndinkamva amama akuwanyengerera kuti apite kukayezetsa maso, adada n'kumayankha kuti munthu wa m'labu akangodziwika kuti saona, mawa lake ntchito yatha.

Loweruka lina mu Julaye kunayera madzulo, mwezi n'kutuluka msanga pamwamba pa mitengo ya paini. Adada anaimika telesikopu pabwalo atangotha kuipukuta. Anayang'anamo nthawi yaitali, akupotokola kachitsulo ka pambali. Amama anaima pakhomo atafunda chitenje, manja ali ndi ufa.

"Adada ake Lusungu, galasilo lilibe mlandu. Mulipukuta mpaka libooke?"

"Iwe unayamba wayang'anamo liti?" anatero adada. Kenako anatembenukira kwa ine. "Lusungu, mwana wane, bwera. Maso ako ndi atsopano. Ukanena kuti kukuoneka bwino, Lolemba ndipita kuchipatalako, amama ako apume."

Ndinaika diso. Mwezi unali pafupi ngati ndiugwire. Ndinaona maenje ake onse, aakulu ndi aang'ono, ndi mithunzi yakuthwa m'mphepete mwake. Sindinauonepo ukuoneka bwino chotero. Nditadzutsa mutu, adada anali atawerama pafupi nane, akununkha sipiliti, kathonje kali m'manja, akudikira yankho langa. Ndinali ndisanawaonepo akuchita mantha.

"Kuli chifunga, adada," ndinatero. "Nanenso sindikuona bwino."

"Wamva?" anatero adada mokweza kuti amama amve, akuseka. "Yewo chomene, mwana wane. Ndi chinyontho cha Mzuzu ichi, chalowa m'kati." Amama anandiyang'ana, n'kulowa m'nyumba.

Kope limene ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku ndikadali nalo. Tsiku limenelo ndinalemba kuti, "Lero ndawasangalatsa adada. Mulungu andikhululukire bodza laling'ono."

Nyengo yozizira inatha, fumbi la Okutobala linabwera, adada akupukutabe. Galasi lija linayamba kuoneka timizere tosaoneka bwino, tochokera pakati kupita m'mbali. Kuchipatala anapita mvula itayamba, atagwera m'ngalande pokwerera minibasi, dzuwa likuswa mtengo. Adokotala anauza amama kuti si ng'ala yoti angachotse. Anati ndi nthenda imene imadya mitsempha ya maso pang'onopang'ono, ndipo chimene yadya sichibwerera. Anawapatsa mankhwala odontheza kuti asunge zotsalazo, n'kufunsa chifukwa chimene anachedwera. Amama anangoti, "Zinatitanganitsa zina." Dzina langa sanalitchule, ngakhale kunyumba. Chaka chotsatira adada anasiya ntchito.

Pano ndamaliza Fomu 4, ndikudikira zotsatira, ndipo ndikufuna kudzaphunzira za maso. Telesikopu ndimaipukuta ine, kamodzi pachaka, adada atakhala pampando akumvetsera kampira kaja kakupuma. Diso lawo lakumanja limaonabe pang'ono, ngati munthu wosuzumira pabowo la kiyi. Mwezi ukatuluka amandifunsa zimene ndikuona, ndipo ndimawauza zonse, ngakhale timizere ta pagalasi.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwauza kuti madzulo aja ndinanama. Anasisita bondo.

"Ndinkadziwa," anatero. "Galasi limene ndalipukuta ndekha ndingalephere kulidziwa? Ndinafunsa iwe chifukwa ndinkadziwa kuti undimvera chisoni."

Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndinawapatsa mphatso. Nditakula pang'ono ndinkaganiza kuti ndine ndinawachititsa khungu, ndipo ndinasenza zimenezo ndekha zaka zisanu. Tsopano ndikuona kuti pabwalo paja tinalipo awiri amantha, wamkulu anapempha bodza, wamng'ono n'kulipereka. Miyezi isanu ija sitingaibweze. Koma m'mawa ndi madzulo ndimasamba m'manja kawiri, n'kuwadontheza mankhwala m'diso lotsalalo, ndipo sindinadumphitsepo tsiku.