Anasinja Nkhope ya Mayi Anga

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la penti ndi utsi wa utuchi, ndipo pasanathe mphindi mtima umakhala utayamba kale kuwira. Tinkakhala awiriwiri m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba ina yaikulu ku Area 3. M'mawa uliwonse ankakhala pakhonde atatambalala, kabudula ali mbuu ndi dongo lomwe tinkakumba m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, akuumba zidole zotalika ngati chikhatho: abusa a nkhosa, angelo, Yosefe ndi ndodo yake, abulu a makutu aatali mopyola muyeso. Zikauma ankaziwotcha m'dzenje ndi utuchi wopempha kwa akalipentala a ku Old Town, utsi wake n'kumalowa m'zovala za pachingwe mpaka mayi a m'nyumba yaikulu kutseka mawindo akung'ung'udza.

Lusoli analipeza ali khukhi ku Area 10, kwa mayi wina wochokera ku Mexico. Mayiyo anali ndi zidole zadongo za kwawo, zopakidwa mitundu yowala, zimene ankaziyala patebulo nthawi ya Khirisimasi. Tsiku lina agogo akupukuta fumbi anagwetsa m'busa mmodzi, ndipo poopa kuchotsedwa ntchito anaumba wina mobisa n'kumuika pamzere. "Anangoti m'busa wanga akuoneka ngati wa ku Mitundu," ankatero agogo akuseka mpaka kutsokomola. "Mawa lake anandigulira penti."

Kuyambira pamenepo zidole zawo zonse zinkakhala ndi nkhope za anthu enieni. Herode anali kondakitala wina wamwano wa minibasi. Mngelo Gabirieli anali mayi wogulitsa mandasi pa depoti. Ankapenta ndi kaburashi ka ubweya wa kumchira kwa mbuzi, lilime lili kunja, ndipo ndikawasokoneza ankati, "Mkazi wanga, choka pakuwala, ungandipotozere mphuno ya munthu."

Koma panali Mariya mmodzi amene sankatuluka m'nyumba. Anali pawindo, atavala chitenje chobiriwira, ali ndi mpata m'mano ndi kachipsera pachibwano. Mayi anga anamwalira ndili ndi zaka zinayi, ndipo zithunzi zawo zonse zinapita ndi bambo anga atakakwatira kwina. Agogo anaumba Mariya uyu maliro atangotha, nkhope ya mwana wawo ikadali m'maso mwawo. "Amayi ako ndi awa," anandiuza. Sitinkamugwadira, sitinkamuyatsira kandulo. Ine ndinkangomuyang'ana ndikamavala yunifolomu, basi, kuti ndisaiwale.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, Loweruka lina m'mawa, kunabwera mayi aang'ono, a Felista, mng'ono wawo wa mayi anga. Anali atakhala pabanja zaka zambiri opanda mwana, ndipo anali atalowa mpingo wina womwe unkapemphera mu tenti cha ku City Centre. Kumeneko wina anawauza kuti chimene chamanga mimba yawo ndi mafano a m'nyumba ya bambo awo. Anabwera ndi amayi awiri, botolo la mafuta odzozera lili m'manja. Moni sanapereke n'komwe.

"Bambo, lero mafano awa atuluke."

"Mafano ati, mwana wanga? Izi n'zidole."

"Zidole? Ndi izi zandimanga ine!"

Koma abale, dongo la mumtsinje wa Lilongwe lingamange mimba ya munthu? Amayi aja anayamba kuimba n'kumawaza mafuta m'makoma. A Felista anatenga musi wathu pakona n'kuyamba kuphwanya zimene zinali pakhonde. Abusa, nkhosa, Herode, zonse phwa phwa pasimenti. Agogo anangoima, manja ali lende. Zimenezo ndikanatha kuzimeza. Koma kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi wapawindo uja.

Ndinawagwira chitenje. Ndinakuwa mpaka mlonda wa nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pampanda. Agogo, munthu wamkulu wa imvi, anagwada pasimenti pamaso pa mwana wawo yemwe.

"Felista, tayang'ana bwino. Ameneyo ndi Rozina. Ndi mkulu wako."

Anayang'ana. Ndinawaona ndi maso angawa, anayang'ana ndipo anazindikira, chifukwa dzanja lawo linaima kaye. Wina asadzandiuze kuti sankadziwa chimene akuchita. Mmodzi wa amayi aja anakuwa kuti ameneyo ndiye mzimu wake weniweniwo, ndipo musi unatsika. Sanangophwanya ayi, anasinja. Atatha anasesa zonse n'kuthira m'jumbo, n'kukataya pamlatho wa ku Old Town kuti wina asatole n'kumata.

Agogo sanadye tsiku limenelo. Lolemba anandituma dongo. "Usalire, mkazi wanga, ndiumba wina. Mwana wanga ndingamuiwale ine?"

Koma panali patapita zaka zisanu chimwalirireni mayi anga, ndipo m'maso mwa agogo munali mutayamba ng'ala. Anaumba sabata yathunthu, akufufuta ndi chala chonyowa, akuyambiranso. Nthawi ina anandifunsa motsitsa mawu, ngati akuchita manyazi, "Kodi chipsera chija chinali kumanja kapena kumanzere?" Ndinkachiona tsiku lililonse, koma nanenso ndinali nditaiwala. Atawotcha n'kupenta anandiitana pakhonde kuti ndione. Chitenje chinali chomwecho, mpata m'mano unalipo. Nkhope inali ya a Felista.

Agogo nawonso anaona. Anachibweza m'dzenje. Anayesa kachiwiri, kachitatu, mpaka kanayi, ndipo ulendo uliwonse zala zawo zinkatulutsa mwana wamoyo m'malo mwa wakufayo. Pomaliza anatsuka kaburashi kawo n'kukapatsa mwana wa mlonda kuti aziseweretsa. Sanagwirenso dongo mpaka imfa yawo.

A Felista anadzabereka patapita zaka, atapita kuchipatala n'kulandira mankhwala, koma mpaka lero amachitira umboni kuti mwanayo anabwera chifukwa anathyola mafano. Amanena zimenezo pamaliro, paukwati, ine ndili pomwepo. Abale amandiuza kuti ndine munthu wamkulu tsopano, wa ntchito yake muofesi, ndikhululuke, linali dongo chabe. Dongo chabe! Iwo amayi awo ali m'mafoni, akafuna amangotsegula n'kuona.

Ndayesa kukhululuka, Mulungu akudziwa. Ndimapita kukawaona akadwala, ndimawapatsa moni ndi manja awiri. Koma chimene chimandipsetsa mtima kwambiri sindinauzepo aliyense pabanja pathu. Ndikatseka maso kuti ndione mayi anga, amene amabwera ndi a Felista. Ndimawathamangitsa, ndimayambiranso pachibwano, pamphumi, pamaso, koma amabweranso omwewo, ndipo amandimwetulira.