Mpando Wachitatu

Ndikukumbukira tsiku limene amalume ananditsitsa m'ndege yosauluka n'komwe. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala ku Kasisi, kumene ndege zokatera ku Lusaka zinkadutsa pamwamba pa munda wathu mpaka nkhuku kubalalika.

Amalume, alongo awo a amayi, kale anali injiniya wa m'ndege. Ndege zakale zinkafuna anthu atatu kutsogolo: oyendetsa awiri, ndi wachitatu wokhala chammbali moyang'anizana ndi khoma lodzaza mawotchi ndi maswichi, kuyang'anira mafuta, magetsi ndi mainjini. Zitabwera ndege za makompyuta, mpando wachitatuwo unachotsedwa, ndipo amalume anakayamba kuphunzitsa pasukulu ina ya zandege. Kumeneko kunali chindege chakale chopanda mainjini, matayala ataphwa, mkati mukununkha fumbi ndi zitosi za nkhunda.

Ndinawachonderera mpaka anayamba kunditenga Loweruka lililonse. Atate anavomera monyinyirika, poti linali tsiku lopalira. "Akayamba masewera, mumubweze ku khasu," anatero.

Ndinkakhala pampando wachitatu uja. Lamulo linali limodzi: amalume akatchula chinthu pamndandanda, uchikhudze ndi chala, uchiyang'ane, kenako uyankhe. Ine mutu unkagwira, ndisakunamizeni. Pamasabata atatu mayankho onse ndinali nditawaloweza ngati katekisimu.

Tsiku limenelo kunabwera ophunzira asanu, anyamata a ndevu zawo, ndipo ndinkafuna aone kuti kamtsikana ka ku Kasisi kawaposa.

"Mabatire?" anayamba amalume.

"Oyatsa!"

"Mapampu a mafuta?"

"Ozima!" ndinayankha mothamanga, maso ali pa anyamata aja.

Amalume anatseka buku. "Wayang'ana?"

"Nayang'ana, amalume."

"Yang'ana futi."

Kalanga ine, maswichi onse a mapampu anali oyatsa. Amalume anali atawatembenuza dala ndisanakwere.

"Seluka," anatero, akuloza khomo kuti nditsike.

"Koma amalume, ndege iyi siuluka! Ilibe na mainjini!"

"Niziba. Nichifukwa chake ungaseluke na miyendo yako. Kumwamba kulibe masitepe."

Palibe anaseka, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kusekedwa. Ndinalira njira yonse yobwerera kunyumba. Amalume anawafotokozera atate zonse, osabisa kanthu, moti mwezi wathunthu ndinaugwira pakhasu, ndege zikundidutsa pamutu. Amalumewo ndinawakwiyira koopsa. Mwezi utatha ndinapita ndekha kwawo, ndinagwada pakhomo n'kunena kuti sindinayang'ane, ndinanama. Anangoti, "Loweruka ubwere." Kuyambira pamenepo chala changa sichinalumphenso swichi.

Lero ndine amene ndimaphunzitsa oyendetsa ndege. Kutsogolo kwa ndege za masiku ano khoma la mawotchi kulibe, kuli magalasi ochepa owala ngati mafoni akuluakulu, ndipo kompyuta imagwira ntchito yonse ya amalume, mwinanso kuposa. Ndimazikonda ndegezi, ndi zabwino ndithu. Koma zimazoloweretsa munthu kuyankha asanaone, chifukwa pafupifupi nthawi zonse zonse zimakhaladi bwino. Ophunzira anga amati ndine wovuta, ndipo sindikana.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti amalume anandilanga chifukwa cholakwitsa yankho. Tsopano ndikudziwa kuti yankho lolakwika akanandikhululukira. Chimene anakana ndi pakamwa poyankha maso asanaone, chifukwa tsiku lina kumbuyo kwanga kudzakhala anthu odzaza ndege, atagona tulo pokhulupirira kuti ndayang'ana.