Mndandanda wopanda kanthu

Chaka chimene ndinkalembera pulogalamu mgodi wina wa golide kufupi ndi Connemara, mtima wanga sunakhale m'malo. Ntchitoyo poifotokoza inali yosavuta. Munthu akamatsika amatenga nyali ya nambala, akakwera amaibweza, ndipo kamakina ka pakhomo kamatumiza ku kompyuta mndandanda wa nyali zimene zidakali pansi. Ukabwera wopanda kanthu, kapitawo aphulitse miyala. Achimwene anga ankagwira ntchito pansi pomwepo.

Chinkandisowetsa mtendere ndi khalidwe la chilankhulo cha kompyuta chimene ndinkalembera. Polemba umanena momveka kuti uwu ndi mndandanda wa nyali. Koma pulogalamu ikayamba kuyenda imaiwala, imangodziwa kuti ndi mndandanda basi, ngati thumba lomanga kukamwa. Ukafuna kudziwa zam'kati, upisemo dzanja n'kuona chimodzichimodzi. Ndinkapisa ndithu. Nanga thumba lopanda kanthu ungalidziwe bwanji kuti linali la chiyani? Kamakina komweko kankatumizanso mndandanda wa zida zowonongeka, ndipo iwiriyi ikakhala yopanda kanthu inkafanana ndendende.

Ndinkalingalira zimenezi mu kombi yobwerera ku Gweru mpaka kupitirira potsikira. Mapeto ake ndinalemba kuti ukabwera wopanda kanthu pulogalamu izikana kulola kuphulitsa, mpaka munthu awerenge nyali pa khoma ndi maso ake.

Tsiku loyamba lomwe inakana masana. Anawerenga nyali, zinakwana, panalibe wotsala pansi. Kapitawo anandikalipira m'Chishona pamaso pa anthu kuti ndikuchedwetsa ntchito ndi mantha anga akusukulu, ndichotse zimenezo kapena ndisabwerenso. Ndinachita manyazi, kenako ndinapsa mtima chifukwa cha manyaziwo. Ndinatsegula kompyuta kuti ndichotsedi, aphulitse mmene akufunira.

Achimwene anali pa benchi akuvula magambutsu, munthu amene amandiseka tsiku lililonse kuti ntchito yanga ndi yodinadina mabatani. Sanandiyang'ane n'komwe.

"Sisi, siya zvakadaro. Usachotse. Ine ndimakwera womaliza."

Sindinachotse. Mlungu wotsatira a mgodi anaika munthu wina pa ntchito yanga, ndipo palibe anandiuza ngati zimene ndinalembazo anazisiya kapena anazifufuta. Achimwene akafunsa anthu a pakhomo, amangowauza kuti pulogalamu ikuyenda bwino. Achimwenewo akadali pa mgodi womwewo, ndipo masana aliwonse ndimawaimbira foni ndilibe choti ndiwauze.