Bwato Lolumidwa ndi Mvuu

Pa Mfuwe palibe amene anandigonjetsapo pa kunenerera malonda. Funsani aliyense pamsika. Lusoli ndinayamba nalo ndikadali ndi kabudula wong'ambika kumatako, kwathu kukadali dooko la asodzi m'mbali mwa Luangwa, komwe lero kwadzaza maloji ndi timashopu ta zithunzi ndi zosemasema.

Ndikukumbukira fungo la dookolo: utsi wa nkhuni za tsanya, matope a mtsinje, milamba ndi mcheni zoyanikidwa pathandala. Kuseri kwa nyumba yathu kunali bwato lakale limene mvuu inaliluma atate ali momwemo. Inabenthula kutsogolo konse n'kusiya mabowo a mano oti chibakera changa chinkalowa. Tsiku lina nditawavutitsa kuti nanenso ndikufuna bwato, atate analoza lomwelo n'kunena kuti, "Tenga ilo, bwana." Asodzi anaseka. Ine mawuwo ndinawasunga.

Kenako kunayamba kubwera ojambula. Woyamba anali a Chibwe a ku Lusaka, a tsitsi lopota lofika m'mapewa, amene ankajambula asodzi pansalu n'kukagulitsa kwa azungu odzaona nyama. Ife tinkati mutu wawo suyenda bwino. Munthu wamkulu kuyang'ana nsomba tsiku lonse osaidya!

M'mawa wina wa mu Okutobala, amai ali kudimba, ndinawapeza a Chibwe akusisita bwato lija, akupisa chala m'mabowo. Munthu akasisita katundu ndiye kuti wagula kale, chatsala n'kumukama.

"Iwe mfana, ni ya bandani iyi bwato?"

"Langa. Koma siligulitsidwa."

Anandilonjeza chipewa, ine ndinayasamula. Anatulutsa kampeni kopinda, ine ndinayamba kuthamangitsa nkhuku. Ndinawauzanso kuti mvuuyo inali yaikulu ngati minibasi ya ku Chipata, ndipo inameza amalume anga, amene nthawi imeneyo anali ku Malama akulima thonje ali bwinobwino. Pomaliza ndinaloza nsapato zampira zofiira zimene anavala. Anavula pomwepo. Bwato linakwera ngolo, iwo akutsatira chopanda nsapato, akudumphadumpha mumchenga wotentha.

Chimene sindinawauze n'chakuti kumbuyo kwa bwatolo kunali kolimba, ndipo ndi momwe amai ankathiriramo mchere nsomba. Sindinaiwale ayi. Ndinangoona kuti si nkhani yosokoneza nayo malonda.

Tsoka lake, tsiku limenelo ndi limene atate anakola milamba yodzaza madengu. Kutentha kwa m'chigwa muno mukukudziwa: nsomba ikapanda mchere masana, madzulo n'chakudya cha akhwangwala. Amai anafika kuseri ndi thumba la mchere, n'kupeza pali udzu wachikasu wokha. Anayang'ana pansi, anayang'ana mapazi anga ofiira.

"Bwato lili kuti?"

"Ndagulitsa, amai. Atate anandipatsa."

Atate mwadzidzidzi anapeza bowo muukonde lofunika kusoka.

Amai anasenza dengu, dzanja lina linagwira khutu langa, ulendo wa kwa a Chibwe, nsapato zikuti phwa phwa phwa poti zinali zazikulu. Ndinkaganiza kuti akukabweza malonda, mtima unali pa nsapato zanga. Koma amai anapereka moni mwaulemu, anagwada pambali pa bwato, anakhuthuliramo milamba n'kuyamba kuitumbula.

"Mayo, iyi nagula!" anatero a Chibwe.

"Mwagula mtengo, bambo. Ntchito yake simunagule. Ndizibwera tsiku lililonse, musadandaule."

Ntchentche za dooko lonse zinamva uthenga. Zinatera pa zithunzi zosauma n'kukakamira mupenti. A Chibwe anatulutsa ndowa kuti ilowe m'malo mwa bwato, amai sanatukule mutu. Anatulutsa bafa lamalata limene ankasambiramo, amai anati n'lalikulu, iwo sangalinyamule. Madzulo dooko lonse linaona wojambula wa ku Lusaka atasenza bafa la nsomba pamutu, madzi ake akuyenderera m'tsitsi lija, amai akutsogolera ngati opita ku ukwati. Palibe mlamba unaola. Nsapato nazo zinapezeka kuti zikuwakwana atate ndendende, ndipo anapita nazo kutchalitchi mpaka zinatha.

Lero dooko lija kulibe. Pomwe panali mathandala pali mipando ya alendo, ndipo ana a asodzi akugwira burashi ndi sompho. Bwato lathu lapachikidwa pamwamba pa bala ya loji ina, azungu amalijambula, operekera zakumwa amawauza kuti mvuuyo inameza munthu. Bodza langa lomwe lija, palibe anandithokozapo. Ine ndili ndi kashopu ka timabwato tosema, tonse tolumidwa ndi mvuu, ndipo mvuu yake ndi tchizulo changa.

Ndiye tandiuzani anzanga, inu odziwa malonda. A Chibwe anatenga bwato, amai bafa, atate nsapato, ine khutu lotupa. Anapambana ndani pamenepa?